Thanga pa Wilibala, Apongozi pa Njira

Lolemba

Mphepo yayamba! Mwera weniweni, wozizira, wochokera kuseri kwa phiri. Udzu wapadenga ukuimba, nkhuku zikuyenda chammbali, anthu afunda mpaka m'makutu. M'mudzi monse muno wosekerera ndine ndekha.

Nkhani ili apa. Chaka chino ndi chachitatu ndili pa chikamwini, kwawo kwa mkazi wanga Nambewe. Kwathu ku Mayani mayi atsala okha chimwalirireni bambo, ndipo maso awo ayamba kuchita nkhungu. Kumeneko akutsegula kasukulu ka ana. Abambo a kumisheni akuti mphunzitsi wake ndikhoza kukhala ine, bola ndikafike mwezi uno usanathe. Ndiye ndapempha chitengwa, kuti nditenge mkazi wanga tikakhale kwathu.

Mwini mbumba ndi a Kamtedza, atsibweni ake a Nambewe. Sanakane, sanavomere. Anunkhiza fodya, ayetsemula, kenako akuti: "Chimanga cha apongozi anu chikalowa chonse m'nkhokwe, Lamulungu tikhala pansi."

Koma munda wa apongoziwo! Uli kutali pamtunda, ndipo chimanga chaunjikidwa mulu wofika m'chifuwa. Anthu kuno amatuta ndi madengu pamutu. Khosi langa ndi la mphunzitsi, linazolowera kuwerama pa sileti basi.

Tsono chimene ndaona m'mawa uno ndi ichi. Mphepo ikuchokera kumunda kulowera kumudzi, njira yonse, kumbuyo kwenikweni. Chipewa changa chandithawa kumunda, ndakachipeza pafupi ndi nkhokwe ya apongozi, chosatopa n'komwe. Ngati chipewa chafika, chimanga chingalephere bwanji?

Panyanja ndinayendapo kamodzi, chaka chija ndinaperekeza katundu wa kumisheni. Chombo cha Aswahili, chachikulu, chopanda wopalasa, chongoyendera nsalu. Nsaluyo amati thanga, mtengo woimirira amati mlongoti. Ndinaona zonse bwinobwino, chifukwa ulendo wonse ndinali chagada pa matumba a mchere, m'mimba mukutembenuka, maso ali kumwamba. Kuno kumapiri palibe munthu amene anayang'anitsitsa thanga ngati ine.

Zofunika:
- wilibala ya kumisheni yotutira njerwa, andibwereka mpaka Lamulungu
- nsungwi, yaitali ndi zazifupi
- luzi lambiri
- thanga: mphasa? chikopa? bulangete?
- mlamu wanga Lusiyano asadziwe

Lusiyano wadziwa kale. "Alamu, nyanjayo ifika liti kuno? Ndiyambiretu kusula mbedza?"

Pobwera ndi wilibala ndamva kutsokomola kwa apongozi kutsogolo. Monga mwa mwambo ndapatuka, nkhope kumbali, mpaka adutse. Tinazolowerana: ine ndimapatukira mbali ya kuphiri, iwo mbali ya kudambo, wina osayang'ana mnzake. Chikwatirireni sitinaonane m'maso, sitinalankhulane, mawu awo amandipeza kudzera mwa Nambewe. Ndimangowadziwira kutsokomola ndi zidendene.

Lachiwiri

Thanga loyamba: mphasa yathu yogonapo. Mlongoti ndaumangirira kutsogolo, pamwamba pa gudumu. Mphasa ndaipachika pa nsungwi yopingasa, yangoti njoo ngati chitseko. Nambewe akuti, "Nanga tigona pa chiyani?" Ndamuuza kuti dzuwa likalowa thanga lisanduka mphasa.

Kumunda ndalonga chimanga, ndatambasula mphasa, ndagwira zigwiriro. Phuu! Mlongoti wagwera kutsogolo, mphasa pansi, gudumu lakwera pamwamba pake.

Phunziro: mphepo ikamachokera kumbuyo imakankhira mlongoti kutsogolo. Pafunika zingwe zochokera kunsonga kubwerera kumbuyo. Pachombo paja zinalipo, ndikukumbukira tsopano. Ine ndinkayesa n'zoyanikapo zovala.

Ndapota zingwe ziwiri za luzi, kuchokera kunsonga kufika ku zigwiriro. Kuyesanso. Waima! Ndipo wilibala yayenda yokha! Ndamva m'manja mwangamu ikundikoka ngati mbuzi yodziwa kwawo. Ine kuseka ndekha pakati pa mapesi.

Zovuta za mphasa:
- ndi yolemera, ndipo kulemera konse kuli kumwamba
- mphepo ikudutsa m'mipata ya bango, ikuimba mluzu m'malo mogwira ntchito
- kutsogolo sindikuona

Chomalizachi ndicho chachikulu. Pachombo woyendetsa amasuzumira pansi pa thanga, komanso panyanja palibe zitsa. Kuno zitsa zilipo. Chimodzi ndadziwana nacho bwino, chala chachikulu chakuphazi chatupa.

Chimanga chalowa m'nkhokwe lero ndi cha m'dengu la Nambewe. Wapita n'kubwera kangapo, mwana wathu ali kumsana, kundidutsa ndikutola changa m'tchire.

Funso limene likundisowetsa mtendere: Aswahili amaduliranji thanga lawo la ngodya zitatu? Ndi kusowa nsalu, kapena pali nzeru?

Tagona pa mphasa ya mzere wa gudumu pakati. Nambewe akuti mzerewo ndiwo malire, aliyense akhale kwake.

Lachitatu

Pali nzeru!

Ndatenga bulangete langa, ndalipinda chopingasa kuti likhale la ngodya zitatu. Mbali imodzi ndasokerera ku mlongoti, mbali ya pansi ku nsungwi yaifupi. Nsungwiyo ndaitulutsa kudzanja lamanja, itambalale ngati phiko la nkhuku yowothera dzuwa. Kumanzere kwatseguka, njira ndikuiona, zitsa ndikuziona. Ndiye chifukwa chake! Thanga likhale mbali imodzi, maso adutsire mbali inayo.

Bulangete latupa, zingwe zalira, gudumu layamba nyimbo. Ndikuyenda, ndikuthamanga pang'ono, ndikuthamanga ndithu. Ntchito yanga ndi kungogwira zigwiriro kuti wilibala isagwe. Amayi otuta chimanga akupatuka ndi madengu awo, wina nthungululu, wina akuti, "Mayo ine, mkamwini wa kwa a Kamtedza wamera phiko!" Munthu woyendetsa chombo sayankha za pamtunda.

Kenako pachulu. Pamenepo njira imakhotera kumanja. Ndakhota nayo, monga munthu aliyense akanachitira. Bulangete lachita ngati likuganiza, lafota pang'ono, lagwedezeka. Ndatsegula pakamwa kuti ndidabwe. Mphepo yalowa kuseri kwake, nsungwi yachoka kumanja, yadutsa pamene panali mutu wanga, yakaima kumanzere. Mutu wanga unali pomwepo.

Ndadzuka ndili chagada, monga muja ndinaphunzirira.

Koma chinthuchi n'chodabwitsa! Ndakhala pachulu, khutu likulira, ndikujambula pansi ndi kamtengo. Mphepo siinasinthe, ndasintha ndine. Ukakhotera mbali imene kuli thanga, mphepo imalipeza kumsana n'kuliponyera mbali ina, osachenjeza. Ndikukumbukira kuti pachombo paja, woyendetsa akafuna kukhota ankafuula, anthu onse n'kuwerama. Ine sindinkawerama poti ndinali wogona kale. Phunziro limenelo linandidutsa pamwamba.

Chimanga cha lero: theka la wilibala lafika. Theka lina adya ndi mbuzi za a Kamtedza, ndiye tinganene kuti silinachoke pa mbumba.

Lusiyano wayang'ana khutu langa. "Alamu, ng'ona yakuphonyani pang'ono. Nyanja ya kumundako ndi yoopsa."

Nambewe wandithowa ndi madzi ofunda. Akuti amayi ake atumiza mawu: "Muwafunse ngati khosi lawo likudwala, tiwafunire mankhwala." Ndabweza mawu aulemu akuti khosi lili bwino. Sindinatchule za khutu.

Bulangete ladzaza chisoso. Kugona ndi kukanda.

Lachinayi

Tsiku labwino! Ndilembe msanga lisanaipe.

Nsungwi yomenya anthu ndaimanga. Chingwe chachokera kumapeto kwake, chapita kutsogolo, chakagwira chitsulo cha pagudumu. Tsopano singabwerere kumbuyo ngakhale itafuna. Mfundo ndamanga yakufa, yoti ndi mpeni wokha ungamasule. Pachulu ndatsitsa zigwiriro, ndakhota mwaulemu, bulangete lakalipa, nsungwi yagwedezeka koma yakhala. Ndaiuza kuti, "Iwe, lero ayi."

Wilibala yodzaza yafika pankhokwe! Yonse! A Kamtedza anali pakhonde akusema mpini. Ayang'ana ine, ayang'ana bulangete, akuti: "Mphepoyi mwapangana nayo mpaka Loweruka?" Ndati mwera ukayamba suleka. Akuti: "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo." Apitiriza kusema.

Chimene ndaona lero ndipo sindikuchimvetsa: ukamathamanga ndi mphepo, mphepoyo imasowa. Zoona! Udzu ukuwerama, mitengo ikugwedezeka, koma pakhosi panga zii, thukuta likuyenderera ngati ndili m'nyumba. Ndikangoima, ndi iyo, kuzizira kwake konse. Imapita kuti? Ndikuganiza kuti timakhala tikuyenda limodzi, ndiye singandikankhe poti sikundipeza. Ngati zili choncho, munthu wothamanga ndi mphepo sangadziwe kuti yakula. Izi ndiziganizirenso.

Chachiwiri: kubwerera. Ndinaiwala kuti njira ili ndi mbali ziwiri. Kupita kumunda mphepo ili kumaso, bulangete likundikankhira kumudzi, ine ndikukankhira kumunda, tikulimbana ngati tonde awiri. Ndiyenera kumasula zonse, kupinda, kugoneka mlongoti, kukafika kumunda n'kumanganso. Mfundo yakufa ija ndaidula ndi mpeni. Luzi likutha. Pamene ndimamaliza kumanga kachiwiri, Nambewe n'kuti atapita n'kubwera ndi dengu lake.

Madzulo ndaima pa mulu wa chimanga. Sukuoneka kuti wachepa. Mwina umaphuka tikachoka.

Wamchere wochokera ku Mayani wadutsa, wandipatsa mawu a mayi: "Muuzeni mwana wanga kuti ndasesa m'nyumba ya bambo ake, denga ndi limene likudikira iye." Ndaseka naye wamchereyo. Ndikufuna kupita kwathu. Ndikufuna kwambiri.

Lachisanu

Chifunga. Phiri lasowa, nkhokwe yasowa, ngakhale mbuzi zikumveka mawu okha. Kamvula kowaza, kamphepo kongokwanira kugwedeza ulusi wa kangaude.

Ndapitabe. Bulangete lamwa madzi, likulendewera ngati chikopa chofewetsa. Ndakankha wilibala, chimanga, mlongoti ndi bulangete lonyowa, zonse ndi mphamvu zanga. Lero chombo chakwera munthu.

Mayi wina wokalamba wandipeza ndikupuma. "Mwananga, chochapacho ukanayanika kunyumba."

Phunziro: thanga limodzi silikwanira masiku onse. Mphepo yaikulu ifuna kansalu kakang'ono kolimba. Mphepo yaing'ono ifuna nsalu yaikulu yopepuka. Aswahili ayenera kuti amasunga angapo, ndipo mwina ndi amene ndinkatsamira aja.

Ndiye nzeru yandibwerera ndikuwotha moto. Thanga limodzi limakokera wilibala mbali imodzi, n'chifukwa chake phewa lamanzere likundiwawa. Nanga atakhala awiri? Lina kumanja, lina kumanzere, lililonse ndi nsungwi yake, ngati gulugufe. Kukoka kofanana, mphamvu kawiri, njira ndikuiona pakati. Bwanji sindinaganize Lolemba!

Nsalu zopepuka zili mumtanga wa Nambewe. Iye ali kumunda, akututa m'chifunga momwemo. Ndapeza:
- merikani yoyera, ya tsiku la ukwati wathu
- ina yabuluu ya mzere wofiira m'mphepete, yaikulu, yosalala, yonunkhira utsi wabwino

Yabuluuyi sindinaionepo. Akazi ndi zinsinsi zawo! Koma ngati thanga, ilibe mnzake. Sindiboola ayi, ndine munthu wosamala. Ndikukulunga kamwala pa ngodya iliyonse n'kumanga luzi pakhosi pake, nsalu ibwerere mumtanga yamtunthu, mwini wake asadziwe.

Lusiyano wasuzumira pakhomo, waona yabuluuyo, watsegula pakamwa, watsekanso. Wachoka akuseka chamumtima, mapewa akugwedezeka. Kwa nthawi yoyamba sananene kanthu. Ndikuona kuti wayamba kundilemekeza.

Mawa ndi tsiku lomaliza. Mulu ukadali m'chiuno. Mphepo ibwere, chonde.

Loweruka

Yabwera. Yabwera ndi abale ake.

Kumwamba kwayera, chifunga chasesedwa, denga la khola la Lusiyano lapita kukacheza kwa anansi. Ndikudziwa lamulo langa la dzulo: mphepo yaikulu, kansalu kakang'ono. Ndalilemba ndekha. Koma mulu uli m'chiuno ndipo mawa ndi Lamulungu. Ndamanga onse awiri.

Yoyera kumanzere, yabuluu kumanja. Nsungwi zonse ndazimangira kutsogolo, mfundo zakufa. Chimanga ndalonga mpaka pamwamba, ndaponderapo.

Kukongola kwake! Zatupa zonse pamodzi, phwii, wilibala yanyamuka ndisanaiuze. Ndikuthamanga. Mphepo yasowa monga muja, pakhosi zii, ndipo ndikudziuza kuti yachepa. Koma mitengo ikudutsa msanga kuposa masiku onse, ndipo mapazi anga akugunda pansi mwa apo ndi apo. Wilibala ikuyendera uku ndi uku, yoyera ikukoka, yabuluu ikukoka. Pachulu ndadutsa sindikudziwa bwanji. Ndayesa kuima. Kuimako kulibe! Ndikatsitsa zigwiriro zikundikwekweza, ndikazisiya chimanga chapita. Mpeni uli m'chiuno, manja onse ali pa ntchito.

Pamenepo ndakumbukira munthu wina pachombo paja. Ankakhala kumbuyo tsiku lonse, chingwe cha pangodya ya thanga atachikulunga pa chikhomo, nsonga yake ili m'manja. Sankamanga mfundo. Ine ndinkati ndi waulesi wa m'chombomo.

Kenako kutsogolo, pa njira yopapatiza ya pakati pa tsekera, kutsokomola.

Apongozi.

Mutu sunaganize, thupi lachita zimene lachita zaka zonsezi. Nkhope kumbali, maso pansi, kupatukira kumanja, mbali ya kuphiri. Iwonso achita zawo, apatukira kumanzere, mbali ya kudambo, atembenuka, akudikira mwaulemu kuti mkamwini adutse. Palibe akuyang'ana mnzake. Palibe akuyang'ana wilibala.

Ukakhotera mbali imene kuli thanga, mphepo imalipeza kumsana. Izi ndinalemba Lachitatu. Koma lero nsungwi ndi yomangidwa, singadumphe. Ndiye yadumpha wilibala yonse. Yazungulira, yanyamuka, yadutsa njira chammbali kulowera kudambo, ine ndili kumbuyo kwake ngati mchira.

Ndafuula. Mawu anga oyamba kwa apongozi anga chikwatirireni ndi awa: "Chokani! Chokani inu!"

Mulungu ndi wachifundo, gudumu lawaphonya. Chimanga sichinawaphonye. Mlongoti wathyoka, chigwiriro chimodzi chatsala m'manja mwanga, ndagubuduka, ndaima pa chinthu chofewa, ndipo mdima wabuluu watiphimba. Ndavundukula nsalu kuti ndipume. Iwonso avundukula mbali yawo.

Taonana. Pafupi, mphuno ndi mphuno, chimanga chili m'miyendo mwathu.

Ali ndi maso a Nambewe, ndi kachipsera pachibwano. Sindinkadziwa. Ndatseka maso msanga, koma ndinali nditaona kale. Iwo sanatseke. Agwira nsalu yabuluu, aitambasula, apeza pamene nsungwi yaing'amba, aloza chala chawo pabowopo. Alankhula ndi mphepo, osati ndi ine: "Ndimati ndikaone kumene nsalu yanga ya kutchalitchi ikugwira ntchito."

Yawo! Anapatsa Nambewe kuti awapindire m'mphepete. Lusiyano ndiye wawauza m'mawa kuti ili kumunda. Mudzi wonse umaidziwa nsalu imeneyi, amavala Lamulungu lililonse. Wosaidziwa ndine ndekha, mkamwini waulemu amene sanawayang'anepo. Safunsa anadya phula.

Ndathawira mu tsekera. Ndakhala momwemo mpaka dzuwa kupendeka. Ndili m'menemo ndamva akazi a mbumba yonse akudutsa ndi madengu, kupita n'kubwera, akuimba nyimbo yatsopano. Ili ndi mawu akuti "chokani, chokani inu." Ikukoma, ndiyenera kuvomera.

Lamulungu

Wilibala ndabweza tisanalowe m'tchalitchi. Abambo a kumisheni ayang'ana chigwiriro chimene ndanyamula padera, ayang'ana khutu langa, akuti tikambirana ndikadzabwera kudzalapa. Apongozi apemphera atavala nsalu yobwereka. Akazi kumbali kwawo akutsokomola nthawi yonse ya ulaliki.

Masana mbumba yakhala pansi pa mtengo wa kwa a Kamtedza. Ine pambali, maso pansi.

A Kamtedza: "Chimanga chalowa chonse, zimenezo sitikana. Koma olowetsa ndi akazi. Mkamwini walowetsa wilibala ziwiri ndi theka, ndi nyimbo."

Afunsa mlongo wawo. Apongozi sanatume munthu, alankhula okha, mokweza: "Mtima wake ndi wabwino, mwana wanga samumenya, ulemu ali nawo wochuluka mpaka unafuna kundipha. Koma munthu ameneyu apite ndi Nambewe kutali kumene sitikumuona? Ayi. Akhale pompano chaka china, tizimuona akamabwera."

Basi. Chitengwa chadikira chaka chamawa. Kasukulu ka ku Mayani sikadikira, apatsa wina. Ndati zikomo, ndawomba m'manja monga kuyenera. M'kati mukuwawa kuposa khutu. Mayi asesa nyumba ya bambo pachabe, ndipo ndine ndiyenera kukawauza. Ndikadasenza dengu Lolemba, khosi likadatupa, koma lero bwenzi tikumanga katundu.

Nambewe sanandinyoze. Akuti mawa lino tikapemphe masiku ochepa, tipite tonse ndi ufa, ndikafolere denga lija. "Koma tiyenda wapansi," akutero. Merikani ya ukwati wachapa, dothi lakana kuchoka.

Chomaliza. A Kamtedza agamula kuti popeza taonana kale, kuthawana kwatha, ndipereke nkhuku. Ndapereka tambala wanga. Dzuwa lisanalowe apongozi abwera molunjika pakhonde pathu, akhala pansi ndi singano ndi nsalu yabuluu. Akundiyang'ana m'maso osaphethira. Mapazi anga akufunabe tchire. Ali ndi mawu a zaka zitatu osungidwa, ndipo ayamba ndi denga langa, nkhuni zanga, ndi mmene ndimagwirira khasu.

Atasoka theka la bowo aima. Akuti sabata yonse amaonera kuseri kwa nkhokwe, ndipo pali chimene chikuwavuta.

"Kupita ndi mphepo ndaona. Nanga pobwerera, mphepo ili kumaso, Aswahili anuwo amatani?"

Ndaganiza. Ndaganizanso. Ndati sindikudziwa, amayi, ine ndinabwerera wapansi.

"Ndinadziwa," akutero, n'kuluma ulusi.

Mwera ukuwombabe, wabwino, wosadukiza, wolunjika ku Mayani. Chipewa ndachikhalira.